Waya wa pafamu ndi kakwiyo wa ku Kafue

Mtsinje wa Kafue usanafike pa mlatho wa m'tauni yathu, umadutsa m'nkhalango ya Kafue National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1950 ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita 22,400. M'nkhalangoyo mumakhala akakwiyo, nyama za mawanga zothamanga kuposa zonse zapamtunda. Kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti pa dziko lonse lapansi panatsala akakwiyo pafupifupi 7,100 okha.

Chimodzi mwa zimene zikuwatha ndi chinthu chimene ife alimi timachigwira tsiku ndi tsiku: waya. Wosaka nyama mozemba amapinda khwekhwe ndi kulitchera pa njira yopita kumadzi, mtima uli pa nswala kapena njiri. Koma khwekhwe silisankha. Likagwira kakwiyo m'khosi kapena m'chiuno, iye akamalimbana nalo ndi pamene limamangitsitsa. Wopulumuka amatsala wopunduka, ndipo nyama yodalira liwiro ikapunduka mwendo, njala imatsiriza ntchito. Ngakhale amene sanakodwe amavutika, pakuti nswala zikathera m'misampha, mayi wa ana amasowa chowadyetsa.

Nyama yofutsa imene imagulitsidwa mobisa m'makomboni imachokera m'misampha yotereyi. Aliyense woigula, kaya ndi wa mpingo wathu, walipira khwekhwe lina. Nchifukwa chake pa maphunziro a ziweto timalimbikira za mbuzi, nkhuku ndi akalulu, kuti ndiwo ya nyama ichoke m'khola. Tikupemphanso ophunzira athu kuti waya wotsala pomanga mpanda aziukulunga ndi kuutsekera m'nyumba yosungiramo zipangizo, osausiya m'munda.

M'nkhalangomo ntchito ikuchitika. Asilikali a dipatimenti ya nyama zakutchire amayenda pansi kuchotsa misampha, mothandizana ndi mabungwe a Panthera ndi Zambian Carnivore Programme, amene amaveka nyama zina makolala osonyeza pamene zili, kuti yokodwa ipezeke msanga. Mu 2022 boma linagwirizana ndi African Parks kuti asamalire pakiyi pamodzi kwa zaka 20.

Kubwezera nyama kumene inatheratu nkotheka, koma nkodula. Ku Liwonde, m'dziko la Malawi, akakwiyo anayi anachita kubwera pa ndege kuchokera ku South Africa mu 2017, patapita zaka pafupifupi 20 dzikolo lilibe kakwiyo, ndipo anayamba kuswana. Asanawabweretse, anayamba achotsa makhwekhwe zikwizikwi ndi kumanga mpanda kuzungulira paki yonse.