Mbuna: nsomba zosakonda kuchoka pamudzi

Ambiri a ife kuno ku Namitete ndi ku Nsaru nsomba timazionera pamsika, zitauma kale. Koma mukadzapita ku Cape Maclear, mudzasuzumire m'madzi pamiyala. Mudzaona tinsomba tabuluu ndi tachikasu totchedwa mbuna. Mitundu yake ndi mazanamazana, ndipo yonse ndi yapachibale. Nanga imakwana bwanji pamalo amodzi osalandana chakudya?

Yankho ndi lakuti imagawana malo. Titenge mitundu iwiri, Labeotropheus fuelleborni ndi Labeotropheus trewavasae. Yonse kamwa lake linaloza pansi, ndipo imapala ndere pamiyala. Koma fuelleborni imakonda pamwamba, posaya pomwe mafunde amamenya, pomwe trewavasae imapezekanso pansi pakuya. Zili ngati abale awiri amene agawana dimba: wina kumtunda, wina kumunsi.

Nsomba zambiri za m'makorale a m'nyanja zamchere, monga ku Indian Ocean, zimamwaza mazira m'madzi, ndipo ana ake amatengedwa ndi madzi kupita kutali. Mbuna ayi. Yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata 3, kenako imalavula ana pamiyala pomwepo. Mbuna zambiri zimaopanso kudutsa mchenga kapena madzi akuya, poti kulibe pobisala. N'chifukwa chake mitundu ina imapezeka pachilumba chimodzi basi. Malowo akawonongeka, ndiye kuti mtunduwo watha padziko lonse.

Tsono apa ndi pomwe fizikisi ikulowa. Ndere zimafuna kuwala kuti zimere. Madzi akadzaza matope, tinthu tadothi timamwaza ndi kutsekereza kuwala, ndiye sikufika pansi. Dothilo likakhazikika limakwiriranso miyala. Chakudya chimachepa, ndipo nsomba zapansi zimakakamizika kukwera kukapanikizana ndi zinzake.

Matopewo amachokera kuti? Ena ndi a kwathu konkuno. Mtsinje wa Lilongwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima, pafupi ndi zilumba za Maleri. Zilumbazi zili mu Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Koma malire a paki saletsa matope kulowa.

Tayesani izi: thirani madzi m'mabotolo awiri oonekera, limodzi muikemo supuni ya dothi, mukhutchumule. Walitsani tochi usiku, muone kuti kuwala kukudutsa bwanji. Mvula ikadzagwa, mudzayang'ane mtundu wa madzi otuluka m'munda mwanu, ndipo mudzafunse kunyumba ngati mizere ndi vetiva zikugwiradi dothi.