Magalasi akakandika, kodi Colgate angathandize?

Pa Chiradzulu Boma munthu akadandaula kuti magalasi ake a maso akandika, alangizi sasowa. "Pakanipo Colgate pang'ono, mukweche ndi kansalu, mizere yonseyo itha." Onena zimenezi sikuti akunama dala. Mankhwala otsukira mano ali ndi kaufa kokhakhala kochotsa zomata m'mano, ndipo nyali ya galimoto yochita mbuu mukaikwecha nawo imawaladi. Koma nyali ingofunika kuwala basi, pamene galasi la maso liyenera kupinda kuwala molondola kuti kukagwe pamalo pake m'diso. Mphamvu yake imadalira kwambiri kapindikidwe ka nkhope yake.

Mzere wa pagalasi si litsiro loti lingochoka. Ndi kangalande, pamene pachoka kale kachidutswa. Kalipentala akapeza chilema chotere pathabwa, amapala thabwa lonse mpaka litsike kufika pansi pa chilemacho. Akangopala pomwepo, thabwalo lichita chigwa. Chala chokwecha galasi ndi Colgate chimakumba chigwa chimenecho. Choyamba kuchoka ndi kakhungu kopyapyala kamene amapaka pamwamba pofuna kulimbitsa galasi ndi kuchepetsa kuthobwa m'maso. Kakayamba kusupuka, galasi limachita mawanga, ndipo usiku nyali za minibasi zochokera ku Limbe zimaoneka zomwazika kuposa kale.

Akatswiri osalaza magalasi nawonso amakwecha, koma mowerengera. Mu 1927, F. W. Preston, katswiri wobadwira ku England, anafotokoza lamulo limene akugwiritsabe ntchito mpaka lero: galasi limadyeka molingana ndi mphamvu yotsindikira komanso liwiro la kukwecha. Mukatsindika kawiri mphamvu yoyamba, lidyekanso kawiri. Makina a masiku ano amayamba ayeza galasi lonse, kenako kompyuta imawerengera nthawi imene chokwechera chiyenera kukhala pamalo aliwonse, kuchedwa pamene patukuka ndi kudutsa msanga pamene palingana kale. Ufa umene amakonda posalaza magalasi enieni ndi cerium oxide, ndipo cerium ali m'gulu la miyala yosowa ija imene inapezeka m'phiri la Songwe kwa anansi athu ku Phalombe ndi ku Kangankunde ku Balaka. Tingadzakumbe ufawo kwathu konkuno, koma popanda muyeso ungangotiwonongera magalasi mofulumira kuposa Colgate.

Ngakhale oyeza amaphonya. Chida choonera nyenyezi cha Hubble chinatumizidwa kumlengalenga mu 1990 ndi kalilole wa mamita 2.4, wosalala kwadzaoneni. Zithunzi zitayamba kubwera zinali zosaoneka bwino. Kunapezeka kuti m'mphepete mwa kaliloleyo anadya mopitirira pang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 50 a kunenepa kwa tsitsi limodzi, chifukwa chida choyezera chinali chitaikidwa molakwika. Mu 1993 anthu anachita kupita komweko kukachiveka timagalasi tokonza vutolo. Kuphonya kochepa chotero kunakwanira kusokoneza zithunzi.

Chikhulupiriro china n'chakuti kupukuta magalasi ndi malaya kapena nsonga ya chitenje kulibe vuto, poti nsalu ndi yofewa. Nsaluyo ndi yofewadi, koma fumbi ayi. M'fumbi la Okutobala muli timchenga tolimba kuposa galasi, ndipo magalasi ambiri a masiku ano ndi apulasitiki, ofewa kwambiri kuposa galasi lenileni. Mukapukuta pouma, nsalu imagwira timchengato n'kutikoka pagalasi, ndipo lamulo la Preston limagwira ntchito pomwepo: mukalimbikira kutsindika, mizere imazama. Mizere yambiri imene anthu amafuna kuchotsa ndi Colgate inabwera mwa njira imeneyi. Ndi bwino kuyamba mwatsukuluza magalasi ndi madzi ozizira, kupakapo kadontho ka sopo wamadzi, kutsukuluzanso, kenako n'kuumitsa ndi kansalu koyera. Powaika pansi, galasi liziyang'ana kumwamba.

Ena amaopa kuti kuvala magalasi okandika kumapha maso. Sikupha. Kumatopetsa maso, nthawi zina mutu umawawa, koma diso lenilenilo silivulala. Mizere ikakhala m'mbali, magalasiwo angakutumikirenibe. Ikafika pakati mpaka kuwerenga kapena kuyenda usiku kuvuta, njira ndi kusintha galasilo, ndipo chimango chikakhala cholimba nthawi zambiri chimatha kugwiranso ntchito. Yambirani pa chipatala cha boma pompano kuti akuoneni m'maso, chifukwa mwina chifunga mukuchionacho si cha galasi, ndi ng'ala yayamba. Akaona kuti pakufunika zambiri adzakutumizani ku Blantyre, kumene kuli chipatala cha maso cha Lions pa Queen Elizabeth.