Makandulo a Usiku wa Pasaka ku Kauma

Anthu ambiri amene anakulira ku Kauma, dera la mumzinda wa Lilongwe kumene nyumba zambiri zakhala zopanda magetsi, amakumbukira kandulo ngati chinthu wamba chogula imodziimodzi pa okala palafini akatha mu koloboyi, yomwe ndi nyale ya kachitini yokhala ndi chingwe cha nsanza. Komabe pakati pa Akatolika, usiku wa Loweruka Loyera, umene umatsogolera Lamulungu la Pasaka m'mwezi wa Malichi kapena Epulo, kandulo yomweyo imalandira ulemu wina.

Mdima ukagwa moto umasonkhedwa panja pa tchalitchi, wansembe amaudalitsa n'kuyatsirapo kandulo yaikulu ya Pasaka, yolembedwa mtanda ndi manambala a chakacho, ndipo akhristu amagawana lawilo mpaka aliyense atayatsa yake. Zimene ana amasunga m'mutu si tanthauzo la mwambowu ayi, koma phula lotentha lodonthera pa zala ngakhale kanduloyo yavekedwa kapepala, komanso mpikisano wachinsinsi woona amene yake izime msanga ndi mphepo. Popeza mawerenga a m'Baibulo usiku umenewu amatha kufika 9, ana ambiri amagona pamiyendo ya amayi awo ubatizo usanayambe.