Kokapitidwa mphepo kufupi ndi tauni: zomwe timauzana ndi zomwe zilikodi

Munthu wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe akauza anzake kuti kumapeto a sabata ino akufuna kutulukako m'tauni, funso limene amalandira ndi limodzi: "Mangochi kapena Salima?" M'mitu mwa ambirife, kukapuma ndi kunyanja basi. Amene anayendapo pa msewu wa ku Salima pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, akudziwa mmene minibasi za makwaya, magulu a amayi ndi mabanja zimandondozanira, zonse mphuno kuloza kumadzi.

Maganizo amenewa sanabwere chabe. Nyanja yathu ndi yokoma, ndipo kwa munthu wa ku Lilongwe ilidi pafupi: Senga Bay ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120, maola awiri pagalimoto msewu ukakhala bwino. Koma wa ku Blantyre ayambe wawerenga maola. Kukafika pa boma la Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo malo ambiri ogona ali kupitirira pamenepo. Ku Cape Maclear ndiye kumadya maola anayi kapena kuposa. Munyamuke Loweruka m'mawa, muime pa Liwonde kugula zakumwa, mufike dzuwa lili paliwombo ana atatopa kale. Lamlungu mukangodya nkhomaliro muyenera kuuyamba wobwerera kuti mdima usakupezeni panjira. Pa masiku awiri aja, nthawi imene mapazi agundadi mchenga ndi madzulo amodzi ndi m'mawa umodzi. Lolemba mumafika kuntchito msana ukuwawa kuposa Lachisanu.

Pamene Zomba ili pa makilomita osakwana 70. Munthu akhoza kumwa tiyi kwawo ku Chilomoni, pofika 9 koloko n'kukhala ali pamwamba pa phiri, m'mbali mwa damu la Mulunguzi, atavala juzi. Msewu wokwera ndi wa tara mpaka ku Ku Chawe, ndipo m'makona ake mumakumana ndi anyamata atanyamula timbale ta masitiroberi ndi magalagadeya, ena atayala timiyala tonyezimira pa chiguduli, ena akutsika ndi njinga zolemedwa nkhuni, mabuleki akulira. Pamwambapo pali mathithi a Williams, pali dzenje la Chingwe, pali Emperor's View pamene mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaima mu 1965, ndipo kukacha bwino mumaona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje kutali uko. Tisanamizane, nkhalango ya paini imene akuluakulu amaikumbukira inadulidwa kwambiri, ndipo malo ena ndi zitsa zokhazokha. Komabe mphepo yake ikadali yomwe ija, ndipo tsiku lonse limakhala lanu.

Apa wina amati, "Zokwera mapiri ndi zoona nyamazo ndi za azungu, ndiponso n'zodula." Mbali ina akunena zoona. Malo ena ogona m'kati mwa nkhalango za nyama amatchula mitengo m'madola, ndipo usiku umodzi ukhoza kumeza malipiro a mwezi a mphunzitsi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pachipata Mmalawi salipira mofanana ndi mlendo wochokera kunja. Mtengo wa nzika ndi wotsika kwambiri, bola mutenge chiphaso chanu. Ndipo palibe lamulo loti aliyense wolowa agone komweko. Ku Majete, m'boma la Chikwawa, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Blantyre, mukhoza kulowa m'mawa, kuzungulira ndi galimoto yanu m'mbali mwa Shire, kuona mathithi a Kapichira, n'kutuluka madzulo.

Ena amakumbukira Majete ya kale, imene opha nyama mozemba anaipulula mpaka njovu zonse kutha, ndipo amati kulibe chokaona. Nkhani imeneyo inasintha. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira malowa mu 2003, n'kubweretsa zipembere chaka chomwecho, njovu kuyambira mu 2006, mikango mu 2012, kenako akadyansonga mu 2018.  Mwana wa ku Ndirande amene mkango amangouona m'buku la sukulu ali pa mtunda wa ola limodzi ndi theka kuchokera pamene mkangowo wagona pansi pa mtengo. Kuuona tsiku limenelo ndi mwayi, pakuti nyama siisungidwa pa chingwe, koma mvuu, nswala, njiri ndi njati sizivuta.

Ndalama zambiri pa maulendo otere zimathera ku mafuta, pogona ndi zakumwa. Banja likakazinga nkhuku kunyumba, kuphika mbatata, kudzaza chigubu cha madzi, kenako n'kugawana mtengo wa mafuta ndi banja lina, ulendo wa tsiku limodzi sumasiyana kwenikweni ndi zimene bambo amasiya pa bala Loweruka limodzi. Wopanda galimoto naye sanatsekeredwe kunja: minibasi za ku Zomba ndi za ku Mulanje zimanyamuka mu Limbe tsiku lonse, ndipo ukatsika pa Chitakale kabaza amakufikitsa ku Likhubula.

Chikhulupiriro chimene chimapweteketsa anthu ambiri ndi chakuti makilomita ochepa ndiye kuti kufupi. Foni imakuuzani mtunda ndi maola, koma siidziwa kuti lero ndi tsiku la msika pa Thondwe, kuti kutsogoloku lole yafera pakona, kapena kuti mlatho wina unakokoloka ndi mvula ya chaka chatha. Msewu wa ku Chikwawa ndi waufupi pa mapu, koma umatsika phiri mokhotakhota mpaka pa Thabwa, ndipo woyendetsa amene amangodalira buleki osatsitsa giya amafika pansi matayala akununkha. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe, ili pafupi ndi likulu kuposa Salima, koma mbali yaikulu ya msewu wake ndi ya fumbi, ndipo mu Febuluwale kagalimoto kotsika kakhoza kugona m'matope. Izi sizikutanthauza kuti popanda galimoto yaikulu musatuluke. Ka Vitz kapena ka Sienta kamafika bwinobwino ku Zomba, ku Dedza, ku Senga Bay ndi pachipata cha Majete. Chofunika ndi kuimbira foni anthu a kumaloko dzulo lake n'kufunsa kuti msewu uli bwanji sabata ino, osati mmene unalili pamene mlamu wanu anapitako. Safunsa anadya phula. Mufunsenso za mafuta, chifukwa zaka zapitazi zatiphunzitsa kuti thanki yodzadza theka si yoyendera ulendo, ndipo pamene m'tauni muli mizere, kumaboma kumakhala kouma.

Ndiye pali nkhani ya nyengo, imene timaiiwala ngati kuti malo amakhala chimodzimodzi chaka chonse. Amene amasungira ndalama tchuthi cha pa 6 Julayi kuti akasambe kunyanja nthawi zambiri amakapeza mwera ukuwomba, mafunde akumenya gombe, asodzi atakokera mabwato kumtunda, ana akunjenjemera m'mataulo. Mwezi womwewo ku Thyolo, ku Mulanje ndi ku Zomba kukhoza kugwa chiperoni, kamvula kowaza kozizira kamene kamakuta phiri masiku angapo osaona ngakhale mtengo uli patsogolo pako. Koma imeneyo ndiyo nthawi yabwino yotsikira ku Chikwawa, kumene kutentha kumakhala kutapepuka. Mu Okutobala zinthu zimatembenuka: kunyanja kumakoma, pamene kuchigwa cha Shire kutentha kumatha kupyola madigiri 40. Nyama zimaoneka mosavuta miyezi imeneyo, chifukwa udzu wauma ndipo zonse zimathamangira kumtsinje, koma woyenda ndi khanda kapena agogo aganize kawiri. Kumapiri, Sepitembala ndi Okutobala ndi miyezi ya utsi wa moto wolusa m'tchire. Mumakwera mpaka pamwamba n'kupeza kuti kutali konse kwachita mbuu. Ine ndikafunsidwa, mapiri ndimawapatsa Epulo ndi Meyi: mvula yangosiya, mitsinje ikadali yodzadza, udzu uli wobiriwira, ndipo mlengalenga mwayera moti kutali kumaoneka ngati pafupi.

Za Mulanje ziyenera kukambidwa modekha, chifukwa apa chikhulupiriro ndi chakale ndipo chili ndi eni ake. Anthu ozungulira phirili amanena kuti kumtunda kuli mizimu, kuti munthu akhoza kupeza chakudya chokonzedwa kale m'njira, ndipo akachipeza adye yekha osaitana mnzake, kuti wonyoza malamulo a phiri amasowa. Sindine woweruza nkhani za makolo, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi makamaka chifukwa cha chikhalidwe chimenechi. Chimene ndikukana ndi mantha amene amachititsa munthu wobadwira ku Limbe kufika zaka makumi asanu asanapondeko n'kumunsi komwe. Anthu asowapodi pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002, ndipo mmodzi mwa iwo ndi mnyamata wa ku Brazil amene mu 2009 anapitiriza ulendo yekha atasiya womulondolera, n'kupezeka atamwalira patapita masabata. Kumtundako nkhungu imatsika mwadzidzidzi, miyala ikuluikulu imafanana yonse, pakati pake pali mapanga ndi ming'alu, ndipo usiku kumazizira koopsa. Mukhulupirire za mizimu kapena za nkhungu, malangizo ake amatuluka amodzimodzi: musayende nokha, mverani wa kumaloko, musachoke m'njira.

Komanso Sapitwa si ulendo wa Loweruka ndi Lamlungu. Ambiri amatenga masiku atatu, akugona m'tinyumba ta m'phiri monga ka Chambe ndi ka Chisepo, ndi anyamata onyamula katundu amene amawalemba pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula. Wofuna kungopitidwa mphepo safunika zonsezo. Kuchokera pa Likhubula pomwepo, kuyenda ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, mumafika pa Dziwe la Nkhalamba, pamene madzi amagwa kuchokera pathanthwe n'kudzadza dziwe lozizira ngati atuluka m'fuliji. Malowa ndi okongola, koma dziwelo ndi lakuya ndipo lamezapo anthu, makamaka achinyamata obwera pagulu atalawako mowa. Nthawi ya mvula, mtsinje umatha kudzadza mwadzidzidzi ndi madzi a mvula imene yagwa kumtunda inu osaiona. Wosadziwa kusambira akhale pa mwala, aviike mapazi, adye chinanazi chake cha pa Chitakale.

Kunyanja nakonso kuli kabodza kake kakang'ono, koti likodzo limapezeka m'zithaphwi zakuda zokha, madzi oyera alibe. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi, ndipo nkhonozo zimakonda m'mbali mosaya, mwa bango ndi udzu, pafupi ndi pamene anthu amasamba ndi kuchapa, ngakhale madziwo aoneke oyera chotani. Si chifukwa chothawira nyanja. Mankhwala ake alipo m'zipatala, ndipo wosamba kawirikawiri amangofunika kukayezetsa.

Anthu a ku Lilongwe ali ndi dandaulo lawo, loti anzawo a kummwera anadalitsidwa ndi mapiri pamene iwo anangopatsidwa chigwa ndi fumbi. Koma phiri la Nkhoma lili pa makilomita pafupifupi 50, pamwamba pa mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1896, ndipo munthu wamphamvu zake amakwera ndi kutsika tsiku lomwelo. Pafupi ndi Salima pali Kuti, kumene kulibe mikango kapena njovu, choncho ana akhoza kuyenda pansi kapena kupalasa njinga pakati pa mbidzi ndi mphalapala. Ndipo m'mapiri a Dedza, makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, muli Chongoni, malo 127 a zojambula za pamiyala amene UNESCO inawazindikira mu 2006. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi Achewa, zina zokhudza chinamwali, zina Nyau. Ambiri timadutsa pamenepo pa liwiro, maso ali pa mbatata ya kachewere ya m'mbali mwa msewu. Malo amene anthu amafikako kawirikawiri ndi Mphunzi, Chencherere ndi Namzeze. Zikwangwani n'zochepa ndipo tinjira take timasocheretsa, choncho mukafika m'mudzi wapafupi funsani munthu woti akutsogolereni, ndipo mugwirizane za kangachepe kake musanayambe kukwera.