Dzanja likaduka ku Fort Lister, mdani wamkulu ndi nthawi

Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi, m'boma la Phalombe, pali zipupa zakugwa za Fort Lister, linga limene Angerezi anamanga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Msewu wodutsa pamenepo ndi wamiyala, ndipo dzinja likafika galimoto imachita kukwawa. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula miyala ndi matope m'mapiriwa, misewu yopita kumadera monga Nkhulambe inaduka, ovulala n'kumadikira thandizo kwa masiku. Akuluakulu anakumbukira napolo wa 1991.

Munthu wa kuno akaduka dzanja, kaya ndi lamba wa chigayo, chikwanje kapena mwala wogubuduka, nthawi imene ali nayo ndi yochepa. Mnofu ukasowa magazi umayamba kufa, ndipo pakatha maola pafupifupi 6 usanaziziritsidwe, sungapulumukenso. Chala chimapirira kuposa apo chifukwa mulibe mnofu wambiri. Funso limene likusowetsa tulo akatswiri a kafukufuku kunjaku ndi lomweli: chiwalo chingasungidwe bwanji chamoyo chitachoka m'thupi?

Luso losoka lilipo kale. Mu 1998, ku Lyon m'dziko la France, gulu la Jean-Michel Dubernard linalumikiza dzanja la munthu womwalira pamkono wa Clint Hallam. Mu 2005, ku Amiens, Isabelle Dinoire, amene galu anamuluma kumaso, analandira mphuno, milomo ndi chibwano cha munthu wina. Mu 2015, ku Philadelphia, mwana wa zaka 8, Zion Harvey, analandira manja onse awiri. Koma mtengo wake ndi wowawa. Thupi limaona khungu lachilendo ngati mdani, choncho wolandirayo amamwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi moyo wake wonse. Hallam analeka kumwa mankhwala ake bwinobwino, ndipo dzanjalo analidulanso mu 2001. Dinoire anamwalira mu 2016 atadwala khansa.

Kwa ife, nkhani yofunika kwambiri ili pa kasungidwe. Mu 2019, ofufuza a ku Massachusetts General Hospital anasunga ziwindi za anthu pa madigiri 4 kunsi kwa ziro osazilola kuundana, n'kuzifikitsa maola 27. Mu 2020, ku Zurich, makina opopa magazi ndi zakudya anasunga chiwindi chamoyo kwa sabata yathunthu. Mu 2023, ku University of Minnesota, impso za makoswe zinasungidwa mozizira kwambiri mpaka masiku 100, kenaka anazitenthetsa, kuziika mwa makoswe ena, ndipo zinagwira ntchito. Ena akuyesa makina otere pa manja ndi miyendo. Tsiku limene makina amenewa adzatsika mtengo n'kufika pachipatala cha Holy Family kapena cha boma ku Phalombe, ulendo wa kuchipatala cha Queens ku Blantyre sudzakhalanso chigamulo cha kulumala.

Pakadali pano, chimene madokotala athu amachita kawirikawiri ndi kusenga khungu pantchafu ya wodwala n'kuliika pamene wapsa kapena pabala lalikulu. Pamenepo thupi silikana, poti khungulo ndi lakelake. Woduka mwendo amapeza woikirira ku Queens, kapena kumalo amene bungwe la 500 Miles linatsegula ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Analiyambitsa ndi Olivia Giles wa ku Scotland, amene naye anataya manja ndi mapazi chifukwa cha matenda oumitsa khosi.

Pali vuto lina limene makina sangathetse. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo. Chaka cha 2016, aphungu anakhwimitsa lamulo la Anatomy Act chifukwa abale athu achialubino ankaphedwa pofuna ziwalo zawo. Anthu amene makolo awo anaona anzawo akudutsa pampata uwu ali m'magoli sangadzudzulidwe akamachita mantha pomva kuti thupi la munthu lingachotsedwe chiwalo. Ndikuona kuti aliyense wodzabweretsa nkhani yopereka ziwalo kuno ayenera kuyamba wakhala pansi ndi mafumu, atsogoleri a mipingo ndi adzukulu, monga mmene a Malawi Blood Transfusion Service akhala akuyendera m'masukulu ndi m'matchalitchi kufotokoza za kupereka magazi.

Chilipo chimene mudzi uliwonse ungadziwe lero. Chala kapena dzanja likaduka, choyamba ndi kuletsa magazi pofinya bala ndi nsalu yoyera. Chodukacho chikulungidwe m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, chiikidwe m'pepala lapulasitiki lomanga bwino, ndipo pepalalo liikidwe m'madzi ozizira. Chisagunde ayezi, chifukwa ayezi amawononga mnofu. Kenaka wovulalayo ndi chiwalo chake anyamukire limodzi, ndipo wina aimbiretu foni kuchipatala kunena ola limene ngoziyo yachitikira.