Mapu a pa kompyuta saona manda ndi tsala

Tsiku lina ndili pa wailesi kuno ku Lichinga, bambo wina wachikulire wa mbali ya ku Ngauma anaimba foni mtima uli m'mwamba. Anati kwawo kunafika anyamata atatu atanyamula kachipangizo konga foni, ndipo ankati akaima pa chulu n'kudina, akafika pa mtsinje n'kudinanso. "Kodi mwana wanga, amenewa sakutilanda malo?" anafunsa choncho.

Funsoli si lachibwana ayi. Kachipangizo kaja ndi GPS. Kamamva zizindikiro zochokera ku masetilaiti amene akuzungulira dziko kumwambaku, ndipo kakamva anayi kapena kuposerapo kamatchula malo enieni pamene munthu waima. Manambala amenewo akalowa m'kompyuta amasanduka mzere, mzerewo n'kukhala malire pa mapu.

Luso limeneli akatswiri amalitcha GIS. Taganizani mapepala a pulasitiki oonekera mkati atasanjikizidwa. Loyamba lili ndi mitsinje, lachiwiri misewu, lachitatu minda, lachinayi malo amene boma lapereka kwa makampani. Mukawayang'ana onse pamodzi mumaona msanga ngati munda wa uje wagwera m'malo a kampani. Kale mapu ankakhala m'kabati ya ofesi. Lero ali pa intaneti, kotero kuti mkulu wa ku Maputo angathe kuona mudzi wa ku Mandimba asanapondeko phazi.

Apa ndiye pagona nkhani. Ine ndinayesa kufufuza mudzi wa agogo anga pa Google Earth. Madenga ndinawaona, njira ya kudambo ndinaiona. Koma tsala limene agogo analisiya kuti nthaka ipume linkangooneka ngati tchire lopanda mwini. Manda nawonso ankangooneka ngati kankhalango wamba. Chithunzi cha kumwamba sichidziwa pamene pagona makolo, kapena pamene amayi amatola nkhuni ndi bowa.

Ife a ku Niassa vuto lotere tinalionapo. M'zaka za m'ma 2000 makampani obzala paini ndi bulugamu, monga Chikweti, analandira malo aakulu m'chigawo chino. Alimi ambiri anadandaula kuti malo amene ankaoneka ngati ongokhala anali matsala awo, ndipo mu 2011 anthu ena a m'boma la Sanga anafika pozula mitengo ya paini chifukwa cha mkwiyo.

Chonsecho Lamulo la Malo la 1997 linaima kumbali ya anthu a kumudzi. Linati nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa, koma mudzi umene wakhala pa malo motsata mwambo uli ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, ufulu umene umatchedwa DUAT, ngakhale popanda chikalata. Linavomerezanso umboni wapakamwa wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi omwe. Vuto ndi lakuti kompyuta simva zapakamwa. Imadziwa zokhazo zimene wina wailembera.

N'chifukwa chake ntchito yolemba malire ndi yofunika. Pakati pa 2008 ndi 2013, ndi thandizo la ndalama lochokera ku America, boma linalemba malo m'zigawo za Niassa, Cabo Delgado, Nampula ndi Zambézia, ndipo linakhazikitsa kaundula wa malo wa pa kompyuta wotchedwa SiGIT. Mu 2015 Pulezidenti Filipe Nyusi anakhazikitsa ndondomeko ya Terra Segura, imene cholinga chake chinali kupereka zikalata za DUAT zokwana 5 miliyoni.

Polemba malire a mudzi, ntchito siyenera kuyambira pa GPS. Imayambira pa bwalo. Anthu amajambula mudzi wawo pansi ndi kamtengo, amuna paokha akazi paokha, kusonyeza minda, madimba, msipu, zitsime ndi manda. Kenaka amayenda m'malire pamodzi ndi mafumu a midzi yoyandikana nayo. Onse akagwirizana, m'pamene wa GPS uja amadina.

Nanga lusoli amaliphunzira kuti? Si la azungu okha ayi. Pulogalamu yopangira mapu yotchedwa QGIS ndi yaulere. Palinso OpenStreetMap, mapu a dziko lonse amene anayamba mu 2004, omwe aliyense angalembetse dzina n'kuyamba kuikamo mijigo, milatho ndi masukulu a kwawo. Namondwe wa Idai atasakaza mzinda wa Beira mu March 2019, anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri anajambula nyumba ndi misewu pa mapu amenewa kuti opereka thandizo adziwe kolowera. Kuno kwathu, ku Unango m'boma la Sanga, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Lúrio, kumene achinyamata amaphunzira za nkhalango ndi chitukuko cha kumudzi, ntchito zimene masiku ano zimadalira kwambiri mapu otere. Mwana amene amatha kutumiza uthenga pa WhatsApp angathenso kuphunzira kudina GPS.

Komabe mwana adziwe makina, malire amawadziwa ndi agogo. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Choncho kwa bambo aja ndi nonse a m'malire muno, yankho langa nali. Oyeza malo akafika musawathamangitse, komanso musawasiye ayende okha. Afunseni kuti atumidwa ndi yani ndipo mapuwo apita kuti. Itanani amfumu, amayi ndi anzanu a mudzi wa tsidya. Onetsetsani kuti manda, matsala ndi nkhalango ya nkhuni zalowa. Pomaliza pemphani kuti akupatseni mapuwo pa pepala, muwasunge pouma pamene chiswe sichifika. Tsiku lina wina akadzabwera ndi mapu ake kudzanena kuti pano palibe munthu, inunso mudzatulutsa anu.