Woyimba akadzimva, adzakuitananinso

Anthu akangokolola, obwereketsa zimkuzamawu pa Nselema, Ntaja ndi Nsanama sakhala pansi. Loweruka ukwati, Lamulungu makwaya, kwinaku magulu a kaswida. Ambiri pogula zida amathamangira sipika yaikulu, poti ndi imene imakopa mwini ukwati. Koma amene amatchula dzina lanu pa ntchito yotsatira nthawi zambiri ndi woyimba, ndipo iye amakumbukira chinthu chimodzi: ankadzimva kapena ayi.

Masipika aakulu amaloza kwa anthu. Woyimba ali kumbuyo kwawo amangomva mawu obwerera kuchokera kukhoma ndi kumalata, ndipo amamufika mochedwa. Apo amayamba kukuwa, kusemphana ndi kiyibodi, kenako kukukodolani kuti mukweze. Mukakweza, sipika ija ilira kuti tswii, anthu agwira makutu. Mlandu wonse ugwera inu eni zida.

Mankhwala ake ndi monita, sipika yaing'ono yoloza kwa oyimba yokhala ndi kasakanizidwe kakekake ka mawu. Yang'anani pamikisa yanu bowo lolembedwa AUX SEND kapena MON. Chotsani waya pamenepo kupita ku sipika yokhala ndi ampu yake mkati; ngati ilibe, wayayo adutsire kaye pa ampu. Mzere uliwonse wa mikisa uli ndi kabatani kopotokola ka AUX, ndipo ndi kameneko kamene kamatumiza mawu a mzerewo kwa woyimba. Ngati pali batani la PRE, litobwanyeni. Mukatero, ngakhale mutsitse nyimbo nthawi ya perekaniperekani kuti wolengeza amveke, za m'monita sizisintha.

Musathiremo chilichonse. Yambani ndi mawu a woyimba mwini, muonjezere kiyibodi pang'ono kuti agwire poyambira, basi. Ng'oma zimamveka zokha pansanja. Monita ikhale pansi kutsogolo kwa woyimba, kumchira kwa maiki, chifukwa maiki ngati Shure SM58 samva bwino za kumbuyo kwake. Ndipo auzeni anyamata okonda kufumbata mutu wa maiki kuti akatero ndi amene akuitana kulira kuja. Poyatsa yambani mikisa, masipika pomaliza. Pozimitsa yambani masipika.

Pogula mikisa ku Limbe kapena kwa mnzanu, werengani ma AUX musanawerenge mizere. AUX imodzi ndiye kuti gulu lonse limva zofanana. Ziwiri, woyimba apeza zake, oyimba zida zawo. Chenjerani: pamamikisa ang'onoang'ono AUX ina imakhala itatengedwa kale ndi eko. Musalipire musanalumikize ndi kumva ndi makutu anu kuti bowo lililonse likutulutsa mawu.

Kwa amene mumanyamula zida panjinga yamoto, pali njira yopepuka. Kabokosi ngati Behringer P2 kamakoledwa palamba, kamayendera mabatire awiri a AAA, kamalandira waya wochokera ku AUX, woyimba n'kumamvera m'mahedifoni. Sikalira, sikadya mafuta a jenereta. Koma muzikatsitsa mpaka pansi munthu asanavale, chifukwa phokoso lodzidzimutsa lolowa m'khutu mwachindunji limawononga. Mahedifoni aliyense abwere ndi ake. Za m'khutu sabwerekana.

Mudzamvanso za Behringer P16-M, kamikisa ka munthu mmodzi ka mizere 16, kamene woyimba amadzisakanizira yekha. Kamalumikizidwa ndi waya wa Cat5, ngati wa makompyuta uja, koma sikagwira pakokha: kamafuna bokosi la P16-I kapena mikisa yamakono ngati X32, ndipo woyimba aliyense afunika kake. Kwa bandi yokhazikika, monga a ku Balaka kumene Alleluya Band yakhala ikuyimba kuyambira 1978, ndalama yotere ingabwerere. Kwa wobwereketsa wa pa Nselema ine ndikuti dikirani. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 katundu wakunja wakwera, ndipo kabokosi kotere kakafa ndi fumbi, wokakonza simumupeza pafupi.

Pokambirana mtengo, monita muitchule payokha. Ukwati wa DJ yekha suifuna, ndiye musavutike kuinyamula. Pamene pali kwaya kapena bandi, uzani komiti kuti pali mtengo wokhala ndi monita ndi wopanda, ndipo fikani ola limodzi mwambo usanayambe kuti oyimba ayesere anthu asanadzaze.